Galimoto Yawaya ya ku Mchinji ndi Mbiri ya Chiwongolero

M'zaka za m'ma 1980, mlendo woyenda pa msewu wochokera ku Lilongwe kupita ku Mchinji ankakumana ndi magulu awiri a madalaivala. Gulu loyamba lidali la akuluakulu oyendetsa mathiraki olemera, opita kapena ochokera ku Zambia. Gulu lachiwiri lidali la anyamata opanda nsapato, oyenda m'mphepete mwa msewu womwewo, aliyense atagwira chiwongolero chawaya, kagalimoto kake kakugudubuzika patsogolo, iye akuliza injini ndi pakamwa. Makolo ambiri ankaziona ngati zachibwana, ndipo ena ankakalipa kuti waya wa mpanda ukutha. Komatu m'kagalimoto kameneka mudali yankho la funso lomwe lidasautsa amisiri a ku Ulaya kwa zaka zambiri: kodi chinthu choyenda pa magudumu anayi chingakhote bwanji osagwa, ndipo mwini wake angachilamule bwanji ali patali nacho?

Kuti nkhaniyi imveke bwino, mpofunika kuyamba ndi mbiri ya malowo. Boma la Mchinji lili kumadzulo kwa chigawo chapakati, ndipo lidachita malire ndi Zambia komanso Mozambique. Kale linkatchedwa Fort Manning. Dzinali lidachokera kwa William Manning, msilikali wa ku Mangalande yemwe pambuyo pake adakhala bwanamkubwa wa Nyasaland kuyambira 1911 mpaka 1913. Atsamunda adamanga linga pamalopo m'nyengo ya nkhondo yawo ndi Angoni a Mpezeni, yomwe idachitika mu 1898. Kutsidya kwa malire kudali Fort Jameson, komwe lero ndi ku Chipata. Masiku amenewo katundu ankayenda pamutu pa amtengatenga, ndipo azungu ankanyamulidwa pa machila. Ana a nthawi imeneyo ankaumba ng'ombe zadothi, pakuti mwana amaseweretsa chimene maso ake aona ndi chimene mtima wake ukusirira.

Magalimoto atayamba kufika, masewera nawonso adasintha. Mawu oti galimoto amafanana ndi mawu awiri a Chiswahili, gari, kutanthauza ngolo, ndi moto, monga momwe Achewa amanenera kuti njinga yamoto. Malole onyamula fodya, mtedza ndi chimanga adayamba kuzolowereka m'misewu yafumbi ya ku Kamwendo, Kapiri ndi Mkanda. Bungwe la ADMARC litakhazikitsidwa mu 1971, ndipo minda ikuluikulu ya fodya itachuluka m'zaka khumi zomwezo, malole ndi mathirakitala zidasanduka zinthu zoona tsiku ndi tsiku. Likulu la dziko lidasamukira ku Lilongwe mu 1975, ndipo njanji idafika ku Mchinji mu 1980. Anyamata adayamba kupanga timagalimoto ta mapesi a chimanga ndi ta dongo, tokoka ndi chingwe. Vuto la kagalimoto kokoka ndi chingwe ndi loti mwini wake amakatsogolera ngati mbuzi yopita nayo kumsika. Dalaivala weniweni sakhala patsogolo pa galimoto. Amakhala pambuyo pa chiwongolero.

Chimene chidadzaza msewu wa ku Mchinji ndi mathiraki akuluakulu idali nkhondo yapachiweniweni ya ku Mozambique. Nkhondoyo isadafike poipa, pafupifupi katundu yense wa Malawi wolowa ndi wotuluka ankadzera pa njanji za ku Beira ndi ku Nacala. Pofika 1984 njanji ziwiri zonsezi zidali zitaonongeka. Dziko lidakakamizika kudalira doko la Durban ku South Africa. Mathiraki ena ankadzera ku Tete ataperekezedwa ndi asilikali, ndipo ena ankazungulira kudzera ku Lusaka, Chipata ndi chipata cha Mwami, ulendo wa makilomita pafupifupi 3,000. Ulendo wotalikawu udakweza mitengo ya mafuta, feteleza ndi zinthu zina, ndipo anthu wamba adaumva kuwawa. Koma kwa mnyamata wa pamalire, mzere wa mathiraki odikira mapepala udali sukulu yopanda fizi. Ankasuzumira kunsi kwa thiraki, kuwerenga matayala, kuona momwe ngolo imalumikizikira kumutu, ndi kuyang'anitsitsa zitsulo zimene zimayenda dalaivala akapotoza chiwongolero. Mtendere udabwerera ku Mozambique ndi pangano losainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992, koma luso lomwe anyamata adatola m'zaka zimenezo lidatsala m'manja mwawo.

Kupanga galimoto yawaya si ntchito ya tsiku limodzi. Choyamba ndi kusaka zipangizo. Waya wolimba, wopangira mafupa a galimoto, ankautola pa mipanda yakale kapena kuutulutsa m'milomo ya matayala otha ntchito. Waya wofewa ndi mphira zodula ku chubu cha njinga zidali zomangira. Magudumu ankawapanga ndi zitini za polishi wa nsapato, zitsekerero za mabotolo, patapata wakutha wodulidwa mozungulira, kapena waya wopindidwa pa botolo kuti ukhale wobulungira bwino. Mwala ndiwo udali nyundo, ndipo msomali wotentha pamoto ndiwo udali choboolera. Wamng'ono ankayamba ndi kugwirira waya ndi kutumidwa, kenaka n'kuloledwa kumanga gudumu limodzi, mpaka tsiku lomwe adzapange galimoto yakeyake. Umu ndi momwenso ophunzira ntchito amakulira pa galaja. Akale adati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo mnyamata wopupuluma galimoto yake inkayenda chammbali ngati nkhanu.

Mbali yovuta koposa idali chiwongolero. Njira yapafupi ndiyo kumanga magudumu awiri akutsogolo pa ekiselo imodzi, n'kuiboola pakati kuti yonse izizungulira pa msomali umodzi, monga zimakhalira ngolo zina zokokedwa ndi thirakitala. Ndodo yaitali yawaya kapena yabango imachoka pamenepo kufika m'chiuno mwa mwini wake, ndipo kumapeto kwake amapinda mkombero wogwira. Njira imeneyi imagwira ntchito, koma ili ndi chilema. Pokhota kwambiri, gudumu limodzi limalowa kunsi kwa galimoto, ndipo galimotoyo imatsala ngati yoima pa miyendo itatu, n'kugubuduka. Anyamata aluso adapeza njira ina. Ekiselo ankaisiya yosasuntha, gudumu lililonse n'kulipatsa pokhotera pakepake, kenaka n'kulumikiza magudumu awiriwo ndi kawaya kopingasa. Kumunsi kwa ndodo ya chiwongolero ankapinda kachigongono kokankha kawaya kaja kumanja kapena kumanzere. Akatero, magudumu onse awiri ankakhota pamodzi, galimoto ili chiimire bwinobwino.

Nzeru yachiwiriyi ndi yomweyo imene mmisiri wa ngolo za akavalo wa ku Munich, Georg Lankensperger, adatulukira, ndipo Rudolph Ackermann adailembetsa ku boma la Mangalande mu 1818. Mpaka lero amakaniko amaitchula ndi dzina la Ackermann. Amisiriwa adazindikiranso kuti pokhota, gudumu lam'kati liyenera kupendeka kwambiri kuposa lakunja, chifukwa limayenda mtunda waufupi. Mlimi aliyense wolima ndi ng'ombe amadziwa zimenezi: pofika kumapeto kwa mzere, ng'ombe yam'kati imachepetsa mapazi pamene yakunja ikuzungulira patali. Ngakhale nzeruyi idalipo kale, Karl Benz adapanga galimoto yake ya mu 1886 ndi magudumu atatu okha, popeza adali asadapeze njira yomukhutiritsa yokhotetsera magudumu awiri akutsogolo. Adaipeza mu 1893. Magalimoto oyambawo ankawongoleredwa ndi kamtengo konga kowongolera bwato. Chiwongolero chozungulira chidaoneka mu 1894, pamene Alfred Vacheron adachiika pa galimoto yake ya Panhard pa mpikisano wochokera ku Paris kupita ku Rouen.

Funso lachiwiri, la kulamula chinthu ndi mphamvu zosakhala za dzanja la munthu, lidayankhidwa panyanja. Sitima zapamadzi zitakula kwambiri, tsigiro lake lidayamba kulemera kotero kuti panyengo ya namondwe pankafunika amuna angapo kuti alipotoze. Mu 1866 John McFarlane Gray adalembetsa makina oyendera nthunzi opotoza tsigiro, ndipo adaikidwa pa sitima yotchuka ya Great Eastern. Chachilendo pa makinawa chidali choti ankadziyang'anira okha: woyendetsa akapotoza chiwongolero pang'ono, tsigiro linkayenda pang'ono lomwelo n'kuima. Mfalansa wina, Joseph Farcot, adalemba buku la makina otere mu 1873 ndipo adawatcha servo-moteur, kuchokera ku mawu a Chilatini oti servus, kutanthauza kapolo. Apa ndi pamene padachokera dzina loti sevo. Mu 1898, chaka chomwe Angoni a Mpezeni ankamenyana ndi atsamunda, Nikola Tesla adaonetsa anthu mu mzinda wa New York kabwato koyendetsedwa ndi mafunde a wailesi, popanda chingwe chilichonse.

Padapita zaka zambiri kuti nzeru ziwirizi, ya wailesi ndi ya sevo, zichepetsedwe mpaka kukwana m'choseweretsa. Timagalimoto toyendera rimoti tidayamba kugulitsidwa ku Ulaya m'zaka za m'ma 1960. Mu 1976 kampani ya Tamiya ya ku Japan idatulutsa kagalimoto kake koyamba ka mtunduwu, kotengera Porsche 934, komwe wogula ankalumikiza yekha. Kampani ya Traxxas ya ku America, yomwe idayamba mu 1986, idatchuka pogulitsa timathiraki tolumikiziratu. Poyamba timagalimototi tinkagwiritsa ntchito mafunde monga a 27 MHz, ndipo anthu awiri akakhala pa funde limodzi, rimoti ya wina inkasokoneza galimoto ya mnzake. Kuyambira m'zaka za m'ma 2000 mafunde a 2.4 GHz adathetsa vutoli. Kumaiko kumeneko masewerawa si a ana okha. Akuluakulu ali ndi magulu awo, amachita mipikisano, ndipo amathera ndalama zambiri posintha ziwalo za timathiraki tawo.

Sevo ya kathiraki kotere ndi kabokosi ka mamilimita pafupifupi 40 m'litali ndi 20 m'lifupi. M'kati mwake muli zinthu zinayi: kamota, magiya ochepetsa liwiro ndi kuwonjezera mphamvu, kachipangizo koyeza pamene kamkono ka sevo kafika, ndi kabongo kamagetsi. Ili ndi mawaya atatu, awiri a magetsi ndi limodzi la uthenga. Uthengawo umabwera ngati kugunda kwa magetsi, pafupifupi ka 50 pa sekondi iliyonse. Kugunda kotalika mamilisekondi 1.5 kumauza sevo kuti iime pakati. Kofupika, kofika ku milisekondi 1, kumaiuza kuti ikhotere mbali imodzi, ndipo kotalika, kofika ku mamilisekondi 2, kumaiuza kuti ikhotere mbali inayo. Kabongo kaja kamafanizira pamene kamkono kali ndi pamene kauzidwa kuti kakhale. Pakakhala kusiyana, kamayatsa mota mpaka kusiyanako kutatha. Mnyamata wa galimoto yawaya amachita zomwezi ndi thupi lake. Diso limaona pamene gudumu laloza, ubongo umafanizira ndi njira, dzanja n'kukonza. Kumene sevo ili ndi mafunde a wailesi, iye ali ndi ndodo yawaya.

Sevo ndi chimodzi mwa ziwalo zimene eni timathiraki amasintha kawirikawiri. Yobwera ndi kathiraki nthawi zambiri imakhala ya magiya apulasitiki, ndipo mwini wake akaika matayala akuluakulu kapena akagunda mwala, mano a magiyawo amathothoka. Pamenepo amagula ina ya magiya achitsulo, yopangidwa ndi kampani ina. Ntchito yoiika ili ndi malamulo ake. Choyamba, sevo yatsopano iyenera kukwana pamalo a yakale. Chachiwiri, iyenera kukhala ndi mphamvu zokwanira. Mphamvuzi zimalembedwa m'makilogalamu pa sentimita: sevo ya 20 ingathe kunyamula makilogalamu 20 pa kamkono ka sentimita imodzi, koma pa kamkono ka masentimita awiri inganyamule makilogalamu 10 okha. Chachitatu, mutu wa sevo uli ndi timano tomwe kamkono kamalowamo, ndipo makampani adasiyana: ena amaika timano 23, ena 24, ena monga Futaba 25. Kamkono kosagwirizana ndi timanoti kamaterereka kapena kuphwanya mutuwo. Chachinayi, sevo yamphamvu imadya magetsi ambiri, ndipo gwero la magetsi likachepa, kathiraki kamazima pakati pa ulendo.

Lamulo lotsiriza ndi limene ambiri amalakwitsa chifukwa cha changu. Kamkono sakamangirira sevo isadayatsidwe. Mwini wake amayamba wayatsa rimoti ndi kathiraki kuti sevo idziimike pakati, kenaka n'kuwongola magudumu, ndiyeno n'kuika kamkono. Akatha apo amachepetsa malire a kukhota pa rimoti, kuti sevo isamakankhe magudumu kupitirira pamene angathe kufika, pakuti mota yokankha chinthu chosasuntha imatentha n'kupsa. Mmisiri wa galimoto yawaya sangadabwe ndi malangizo amenewa. Iyenso amadziwa kuti magudumu ayenera kuwongoka chiwongolero chili pakati asadamange mphira, kuti kachigongono katalika kamakhotetsa msanga koma kamalemera m'manja, ndi kuti polumikizira pakakhala pogwedera galimoto imayenda ngati munthu woledzera.

Luso la ana a ku Malawi lidadziwika ndi kunja komwe. Karen Lynn Williams, mayi wa ku America yemwe adakhalako m'dziko muno m'zaka za m'ma 1980, adalemba buku la ana lotchedwa Galimoto, lomwe lidatuluka mu 1990 ndi zithunzi za Catherine Stock. Limasimba za mnyamata wotchedwa Kondi, yemwe adathera tsiku lonse akusaka waya m'mudzi mpaka adapanga galimoto yake. Ana ambiri a ku America adaphunzira mawu a Chichewa amenewa kudzera m'bukuli. M'boma la Kasungu, loyandikana ndi Mchinji, William Kamkwamba, wobadwa mu 1987, adasiya sukulu chifukwa chosowa fizi m'nyengo ya njala ya 2001 ndi 2002. Pogwiritsa ntchito buku la m'laibulale, zitsulo zotola, njinga yakale ndi mitengo ya bulugamu, adamanga makina opanga magetsi ndi mphepo. Mbiri yake idatuluka m'buku mu 2009 ndi m'kanema mu 2019. Mtima wotola chotayidwa n'kuchisandutsa chinthu choyenda ndi womwewo umene udali mwa anyamata a pa msewu wa ku Mchinji.

Zinthu zidayamba kusintha kuyambira 1994, pamene dziko lidalowa mu ulamuliro wa zipani zambiri ndipo malonda adamasuka. Katundu wochokera ku South Africa, Tanzania, Dubai ndi China adadzaza misika, ndipo pakati pake padali zoseweretsa zapulasitiki. Malire nawonso adasintha nkhope: njanji ya Mchinji idalumikizidwa ndi Chipata mu 2010, ndipo mu 2022 maiko awiriwa adatsegula chipata chimodzi chogwirira ntchito pamodzi pa Mchinji ndi Mwami. Timagalimoto ta rimoti totsika mtengo timapezeka m'masitolo a m'matauni, tonyezimira ndi toyaka magetsi. Koma chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Tambiri mwa ito mulibe sevo yeniyeni. Timangodziwa kukhotera kumanja kotheratu, kumanzere kotheratu kapena kulunjika, pamene galimoto yawaya imakhota pang'ono kapena kwambiri monga mwini wake afunira. Kagiya kamodzi kakathyoka, chosinthira sichipezeka, ndipo choseweretsa chonse chimathera kudzala. Galimoto yawaya ikathyoka, mwini wake amakhala pansi pa mtengo n'kuikonza, chifukwa palibe mfundo imene sadaimange yekha.

Apa ndi pamene pagona phunziro la mbiri imeneyi. Kusiyana kwenikweni sikuli pakati pa waya ndi pulasitiki, kapena pakati pa zamakolo ndi zamakono. Kuli pakati pa munthu wodziwa za m'kati mwa chinthu chake ndi munthu wongodziwa mtengo wake. Mwini kathiraki wa ku Japan amene amamasula sevo n'kuikamo ina ndi mbale wake wa mnyamata wa ku Kamwendo wopinda waya pa mwala. Wogula n'kutaya sali mbale wa aliyense mwa awiriwa. Dziko limene limagula kunja mathiraki, mathirakitala, mijigo ndi zigayo limafunika anthu otha kuzikonza, pakuti makina ofera pabwalo chifukwa cha kachitsulo kamodzi ndi chuma chotayika. Nzeru ya sevo imagwiranso ntchito m'ndege, m'makina a m'mafakitale ndi m'zipangizo za m'zipatala. Malo ophunzirira zimenezi alipo: bungwe la TEVETA lidakhazikitsidwa mu 1999, sukulu ya ntchito zamanja ya Namitete ili pa msewu womwewo wa ku Mchinji, ndipo yunivesite ya sayansi ya ku Thyolo idatsegulidwa mu 2014. Zitseko za sukuluzi n'zotsegukira atsikana ndi anyamata omwe, ngakhale kuti kale waya ankayesedwa masewera a anyamata okha.

M'mera mpoyamba. Mmisiri sayamba ntchito tsiku lolandira satifiketi. Amayamba tsiku lomwe adafunsa chifukwa chake gudumu likukana kukhota, n'kukana kugona asadapeze yankho. Galimoto zawaya sizidatheretu m'midzi ya ku Mchinji. Kholo kapena mphunzitsi amene aona mwana akupinda waya angachite bwino kuyamba wayang'ana momwe chiwongolerocho chalumikizidwira asadamukalipire za mpanda, pakuti m'kachigongono kameneko muli nzeru yomwe idachedwetsa Karl Benz zaka zisanu ndi ziwiri.